Epuloni ya Malita

Tiyamike, mwana wanga, mwezi watha unandikwiyira chifukwa ndinakana kukusokera maepuloni a pulasitiki oti atsikana ako azivala pa lesitilanti yako ija ya ku Naperi. Unati, "Amayi, makina muli nawo, manja muli nawo, vuto n'chiyani?" Ndinakunamiza kuti maso akuvuta, chonsecho ulusi ndimalowetsa pa singano popanda magalasi, ndipo iwe ukudziwa. Tsono m'kope lino, momwe ndikulembamo za ntchito zimene ndagwira kuti inu ana atatu mudzawerenge, ndafika pa mutu umene ndakhala ndikuulumpha. Ndiulemba lero. Mukaona zilembo zikupindika, musati ndi ukalamba ayi, ndi mkwiyo. Zaka zonsezi sunazime.

Chaka chimene tinavota koyamba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chaka chimene boma linasintha, anthu akuimba za ufulu m'maminibasi monse. Ndinali nditangobwera kuchokera kwathu ku Nsanje kutsatira bambo anu, amene ankasoka mayunifolomu pa fakitale ina ya zovala. Ndinalembedwa yotsuka mbale pa hotela ina m'tauni ya Blantyre. Ufulu umenewo ku sinki sunafike. Munthu umayamba sikisi koloko m'mawa, pofika naini epuloni ya nsalu imene anakupatsa yanyowa, diresi yanyowa, chitenje chanyowa, mpaka za m'kati. M'miyezi ya chiperoni mimba imachita kuzizira ngati wakumbatira ndowa. Madzulo ukakwera minibasi ya ku Nancholi, woyandikana naye amasuntha, chifukwa ukununkha madzi otsukira mbale. Kondakitala wina anachita kundiuza pagulu kuti, "Amayi, mwanyowetsa mpando, mulipira kawiri." Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Pa hotelapo ndinakhala zaka zitatu. M'zaka zomwezo kaunjika anadzaza misika, fakitale ya bambo anu inatseka, iwo n'kugula makina osokera opukusa pamanja, omwe ali pakonawa. Anandiphunzitsa kusoka Loweruka masana, akundikalipira kuti msoko wanga ukuyenda ngati woledzera. Sanakhalitse. Anadwala miyezi isanu n'kutisiya, iwe Tiyamike uli mu Sitandade 4, Yohane ali mu Sitandade 2, Chisomo ali kumsana. Anandisiyira makinawo ndi inuyo basi.

Ku kantini ya ku Limbe

Hotela itagulidwa ndi eni ena, anatichotsa tonse akale. Mayi wina wa kutchalitchi anandipezera malo ku kantini ya fakitale ina ku Limbe, kumene ankaphikira antchito chakudya cha masana. Dzina la kampaniyo sindilemba. La woyang'anira kantini ndilemba, a Chimtengo, chifukwa ndikufuna mulidziwe. Anali munthu wa tayi ndi nsapato zowala, wolowa m'khitchini chonyang'ama kuopa madzi a pansi. Mawu awo a tsiku lililonse anali akuti, "Bajeti palibe." Sopo akatha, bajeti palibe, tsukani ndi phulusa. Magolovesi, bajeti palibe. Koma tiyi wa mu ofesi mwawo sankasowa mkaka.

Pa sinki tinalipo awiri, ine ndi Malita. Malita anali wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, wa ku Bangwe, agogo ake anachokera ku Mozambiki kalekale. Ankamva Chisena, ndiye tikafuna kuwanyoza a Chimtengo iwo ali pomwepo, tinkanyoza m'Chisena n'kumaseka chakumbuyo. Ankanditchula achemwali. Anali msungwana wokongola khosi, wokonda mabulauzi otsegula pachifuwa, ndipo ndinkamuseka kuti amabwera ku ntchito ngati akupita ku ukwati. Iye ankati, "Achemwali, mbale zimenezi zisatidye ndi nkhope yomwe." Anali ndi kamwana kamodzi, bambo wake anathawira ku Joni.

Malita ankadwala chifuwa chaka chilichonse nyengo yozizira chifukwa cha kunyowa kuja. Tsiku lina atatsokomola mpaka misozi, ndinapukuta manja n'kukagogoda ku ofesi. Ndinati, "Bwana, tikupempha maepuloni osalowa madzi, ife a ku sinki. Awiri okha." A Chimtengo sanadzutse n'komwe mutu pa nyuzipepala. Anati, "Mayi Rozina, munalembedwa ntchito ya m'madzi. Mukufuna muziuma, ndinu bakha? Ngati yakukanikani nenani, pa geti pali anthu makumi akudikira." Ndinatuluka makutu akulira. Asa! Munthu wamkulu, wa ana, kuyankhidwa ngati wapempha galimoto.

Loweruka lotsatira ndinapita pa kaunjika mu msika wa Limbe kukafuna juzi ya Yohane. Pa mulu wina wa pansi ndinaona zinsalu zoterera, zamaluwa, zina za nsomba zojambula, zokhala ndi timabowo kumtunda. Wogulitsa anati ndi makatani a m'bafa, azungu amatchingira madzi posamba. Anati, "Amayi, tengani, palibe amagula. Ndani ali ndi bafa lotero kuno?" Ndinagwira limodzi, n'kulikoka, n'kulavulirapo malovu. Malovu anangotsetsereka. Ndinagula awiri, juzi ya Yohane inadikira mwezi wina.

Kusoka pulasitiki si kusoka nsalu, ndipo ndinaphunzira mwa kuononga. Ndilemba apa kuti zisatayike. Umayamba wadula chitsanzo pa nyuzipepala, kuyeza kuyambira pachifuwa mpaka kupitirira mawondo, n'kudula mokhota m'mbali mwa mikono. Mapini sugwiritsa, chifukwa bowo lililonse pa pulasitiki ndi khomo la madzi. Umapana ndi mapegi oyanikira zovala. Kaphazi ka makina kamakakamira pa pulasitiki, ndiye umayala nyuzipepala pamwamba, kusoka pamodzi, kenako n'kuing'amba. Msoko uzikhala wotalikirana. Ukasoka mothithikana ngati pa diresi, singano imaboola mzera ndipo epuloni imang'ambika pomwepo ngati risiti. Simbi suyandikiza, m'mphepete umapinda ndi chala n'kukhwimitsa ndi chogwirira cha sizasi. Ukatha umapaka kandulo mu msoko monse kuti phula litseke timabowo. Kumbuyo ndinkaika nsalu ya chitenje chakale kuti munthu asamatuluke thukuta. Zingwe za m'chiuno ndinkasoka ndi nsalu. Chingwe cha m'khosi ndinachisoka cholimba, chopinda kanayi, n'kuchikhomera mbali zonse ziwiri pobwereza msoko katatu. Ndinkanyadira chingwe chimenecho. Ndinkati ngakhale ng'ombe itakoka sichingaduke.

Lolemba ndinapita ndi maepuloni awiri, yanga ya maluwa, ya Malita ya nsomba. Iii, Malita anavina pa sinki! Anadzithira dala madzi pamimba n'kumakuwa kuti, "Onani achemwali, ndauma!" Tsiku limenelo tinaweruka zovala zili gwa, ndipo mu minibasi palibe anasuntha. Koma ndinamuuza, ndipo ndinauza khitchini yonse, kuti iyi ndi ya ku madzi. Ku moto ayi. Pulasitiki ikaona moto siyaka ngati nsalu, imasungunuka n'kumatirira.

A Chimtengo ataiona anaima, n'kuigwira ndi zala ziwiri. Anati, "Eee, Mayi Rozina, kodi muli ndi nzeru chonchi? Izi ndiye timafuna, kudzidalira." Sabata yomweyo anandibweretsera muyezo wa akazi awo kuti ndiwasokere yawo, ulere. Ndinasoka. Akuluakulu a kampani akamayendera, ankabwera nawo ku sinki n'kumaloza kuti, "Awa ndi maepuloni atsopano amene tayambitsa ku kantini kuno." Amene tayambitsa! Ine ndili chilili pomwepo, thovu m'manja. Mu lipoti lawo la chaka analembamo, mlembi wa mu ofesi anandiuza. Zimenezi muzikumbukire, chifukwa zibweranso kutsogoloku.

Chaka cha njala

Chaka chija chimanga chinasowa, anthu akugona pa mizere, kampani inachepetsa antchito. M'khitchini tinalimo anthu asanu ndi anayi, tinatsala asanu, koma odya anali omwewo. Aliyense ankagwira paliponse. Ine ndinali nditangomva kuti iwe Tiyamike wasankhidwa kupita ku sekondale ya boding'i, ndiye ntchito ndinaigwira ndi manja awiri, kuopa ngakhale kutsokomola pamaso pa bwana.

Linali Lachinayi. Kunkabwera alendo ochokera kunja kudzaona fakitale, ndipo a Chimtengo anafuna nkhuku yokazinga ifike pa tebulo thwelofu koloko. Wophika wamkulu anali ku maliro. Cha m'ma leveni anatulukira m'khitchini thukuta lili kamukamu, n'kupeza chiwaya cha mafuta chili pa gasi chopanda munthu. Anakuwa kuti, "Malita! Siya mbalezo, pita pa chiwaya!" Malita anayamba kumasula chingwe cha m'chiuno. Ndinamumva ndi makutu angawa akunena kuti, "Bwana, ndivule kaye epuloniyi, ndi ya pulasitiki." Iwo anati, "Uvule chiyani? Alendo akalowa akupeze ndi nsanza zakozo? Vala choncho, ikuoneka bwino. Fulumira!" Malita anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mu sinki. Ichi ndi choyamba chimene sindinadzikhululukire.

Sipanathe mphindi khumi. Nkhuku inali yosasungunuka bwino, ya madzi. Ataiponya, mafuta anafufuma n'kusefukira pa moto, lawi n'kudumpha kufika pachifuwa. Ndinamva kukuwa kumene sindinamvepo kwa munthu. Nditatembenuka, nsomba zija zinali zikukwinyika, zikusungunuka. Malita anagwira epuloni ndi manja onse kuti aizule, koma chingwe cha m'khosi chinakana. Chingwe changa chija, cha msoko wobwereza katatu. Anakoka, chinakana. Kuti aivule podutsa kumutu, moto ukanafika kumaso. Ndinathamanga ndi thaulo lonyowa n'kumukuta nalo, wina anazimitsa gasi, ine n'kudula chingwecho ndi mpeni wosendera mbatata. Pochotsa epuloniyo inachoka ndi khungu. Fungo lake ndikulimvabe mpaka lero, n'chifukwa chake mumandiona ndikuthawa anthu akamatentha zinyalala.

Mukudziwa chimene a Chimtengo ananena koyamba? Sanafunse ngati mwana wa eni ali moyo. Anati, "Mutulutsireni khomo la kumbuyo, alendo afika." Ndipo alendo anadya. Anawagulira nkhuku ya ku shopu, anadya, anaombera m'manja. Ife tinali pa lole ya kampani, Malita mutu uli pamiyendo panga, akungoti, "Achemwali, mwana wanga, achemwali, mwana wanga."

Sabata yotsatira

Malita anagonekedwa ku chipatala chachikulu, wopsa kuyambira m'khosi mpaka pamimba, ndi zikhatho zonse. Ndinkapita tsiku lililonse ndikaweruka, ndi phala m'kabotolo. Achibale ake anati akadandaula ku ofesi ya leba kuti kampani ipereke chipukuta misozi ndi kumusungira ntchito. Zimenezo zinafika m'makutu a a Chimtengo.

Lachitatu anandiitanitsa. Koyamba chiyambire ntchito anandipatsa mpando, anandithirira ndi tiyi wa mkaka uja. Patebulo panali pepala lotayipa. Anati, "Mayi Rozina, ngozi ija yatikhudza tonse. Koma akuluakulu akufuna lipoti, ndipo inu ndinu mboni. Werengani." Ndinawerenga pang'onopang'ono, Chingerezi changa ndi cha Sitandade 8. Pepalalo linkati Malita anavala chovala chimene kampani sinapereke, chosokedwa kunyumba ndi pulasitiki, ndipo anapita nacho pa moto ngakhale anachenjezedwa kuti n'choopsa.

Ndinati, "Bwana, apa palibepo poti munamutuma ndinu. Palibepo poti iye anafuna kuvula inu n'kukana."

Anati, "Ine sindikukumbuka zimenezo. M'khitchini munali phokoso. Koma tandiuzani, pali bodza pamenepa? Kampani inapereka epuloni imeneyo?"

"Ayi."

"Inasokedwa kunyumba?"

"Inde."

"Anasoka ndani?"

Ndinayang'ana m'kapu ya tiyi.

"Nanga simunachenjeze inu nomwe, pamaso pa anthu, kuti isapite ku moto? Ndiye bodza lili pati?" Anamwa tiyi. Kenako anatsitsa mawu. "Tamverani, mayi. Akuluakulu amafuna ndilembe kuti munthu wina ankasoka zinthu zoopsa n'kumagawa pa kampani popanda chilolezo. Zimenezo ndi za kupolisi, mukudziwa? Ine ndakutetezani, dzina lanu mulibemo. Musaina ngati mboni basi. Mukakana, ndilemba linalo. Ndamva mwana wanu wasankhidwa ku sekondale. Zabwino zonse."

Galu wa munthu! Ndikulemba chonchi, ndipo mukawerenga musafufute. Munthu amene akazi ake ankaphika atavala epuloni yanga, amene anadzitamandira nayo kwa akuluakulu, lero akuti zinthu zoopsa zopanda chilolezo. Ndinafuna kumuthira tiyiyo kumaso. Ndinapempha kuti ndikaganize, anandipatsa mpaka mawa lake m'mawa.

Nditaweruka sindinakwere minibasi. Ndinayenda wapansi kuchokera ku Limbe, kudutsa ku Kanjedza, ndikulankhula ndekha ngati wamisala. Ndinkati ndikana, ndikanena zonse ku leba. Kenako ndinkadzifunsa kuti andikhulupirira ndani, wotsuka mbale wamasiye, pamene enawo awiri amene analipo m'khitchini anali atanena kale kuti sanamve kanthu. Ndipo chingwe chinali changa, zimenezo sindikanakana. Nditafika ku Nancholi ndinakupeza iwe Tiyamike uli pakhonde, ukulemba dzina lako ndi penti pa sutikesi ya chitsulo imene tinabwereka kwa aneba. Unati, "Amayi, taonani, zilembo zawongoka?" M'nyumba munali ufa wa masiku awiri. Ndinati zawongoka.

M'mawa mwake ndinasaina. Palibe anandigwira dzanja. Ndinalemba dzina langa lonse, bwinobwino, ngati mmene masisitere anandiphunzitsira. A Chimtengo anati, "Mwachita zanzeru." Ndinapita kuchimbudzi n'kukasanza.

Ku leba nkhani inathera pa pepala lomwelo. Malita sanalandire kanthu, ndipo atatuluka m'chipatala anapeza malo ake alembapo wina. Ine ku chipatala ndinali nditasiya kupita. Ndinkafika pa geti ndi kabotolo ka phala n'kubwerera. Mwezi womwewo kampani inagula maepuloni a labala ochokera ku shopu, khumi ndi awiri. Bajeti inapezeka.

Zaka zotsatira

Patatha chaka anandikweza kukhala kapitawo wa m'khitchini. Mukukumbuka tinagula nkhuku kukondwerera, inu mukuvina. Tsopano mwadziwa chifukwa chake ine sindinadye. A Chimtengo anakwezedwanso, anapita ku likulu, anapuma ndi phwando la mahema. Ndinamva kuti ku tchalitchi kwawo ndi mkulu wa mpingo. Ndinakumana nawo kamodzi pa maliro, anandipatsa moni wa manja awiri, ati, "Mayi Rozina, antchito okhulupirika ngati inu kulibenso." Ndinabweza dzanja langa n'kulipukuta pa chitenje iwo akuona.

Pa kantinipo ndinagwira mpaka kupuma. Anandipatsa wotchi ya pakhoma ndi satifiketi yoti ndinatumikira mokhulupirika. Wotchiyo ndi iyo ili pabalazayo. Satifiketi musaifune, ndinakolezera mbaula. Pa zaka zonsezo ndinasoka madiresi, mayunifolomu anu, makatani a m'nyumba za anthu, koma pulasitiki sinagundenso makina a bambo anu.

Chaka chatha, mwezi wa chiperoni

Ndinapita mu msika wa Limbe kukagula ulusi. Ndikudutsa kuseri kwa timalesitilanti, kumene amatsukira mbale m'mabeseni, ndinamva mawu akuti, "Achemwali." Anali Malita, atagwada pa beseni, imvi zitayamba. Anavala juzi ya khosi lalitali, yonyowa mpaka m'zigongono, ndipo ankatsokomola chifuwa chomwe chija. Zala zake ziwiri za kumanja zinali zomatirirana. Ndinafuna kuthawa, koma anali ataimirira kale.

Tinapatsana moni, anafunsa za inu mmodzimmodzi, mayina onse akuwakumbuka. Anati mwana wake anakula, amayendetsa kabaza. Kenako anati, "Achemwali, makina aja mukadali nawo?" Ndinati ndili nawo. Anati, "Mundisokere ina. Madziwa andimaliza. Koma ikhale yofika m'khosi, anthu akudya asamaone." Anakokera juzi pansi pang'ono. Khosi lija, lokongola lija, linali ngati pepala lofinyidwa.

Ndinati, "Malita, pali chimene uyenera kudziwa." Anandidula. Anati, "Pepala lija? A ku leba anandiwerengera lonse, manja anga ali m'mabandeji. Dzina lanu ndinalimva." Ndinafunsa kuti nanga bwanji sunabwere kudzanditukwana, pakhomo panga ukupadziwa. Anati, "Ndinakutukwanani, achemwali. Zaka zambiri. Kungoti simunkamva. Pano ndatopa, ndikufuna epuloni." Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinapemphe, chifukwa ndinaona kuti kupempha kukanakhala kumusenzetsanso katundu wanga.

Ndinamuyeza pomwepo ndi chingwe cha thumba langa. Makatani a m'bafa akadalipo pa kaunjika, ndinasankha lopanda chojambula chilichonse. Ndinasoka masiku atatu, chinthu chimene kale ndinkatha masana amodzi. Pulasitiki ndinaiika m'kati, pakati pa nsalu ziwiri zokhuthala za jinzi. Pachifuwa ndinakweza mpaka pansi pa chibwano. Chingwe cha m'khosi ndinakhomera mbali imodzi yokha, mbali inayo ndinaika batani lokanikiza, lija limatseguka lokha ukangokoka. Batani la mtengo wa bokosi la machesi. Ndinakhala nalo m'manja nthawi yaitali ndisanalisokerere, ndikutukwana a Chimtengo, ndikutukwana kampani, ndikudzitukwana ndekha ndi msoko wanga wobwereza katatu.

Nditamupititsira anaivala pomwepo kuseri kwa lesitilanti. Anadzithira madzi pamimba monga kale, koma sanavine. Anapapasa m'khosi n'kupeza batani lija. Anandiyang'ana, kenako anagwira epuloni pachifuwa ndi dzanja lopuwalalo n'kukoka kamodzi. Inangoti thwa, n'kugwera m'manja mwake. Anaivalanso, n'kukokanso. Anachita katatu. Ndiye anati, "Kungotero basi, achemwali?"

Ndinati, "Kungotero basi."

Anaimanga n'kugwada pa beseni lake, chifukwa mwini lesitilanti anali atayamba kukuwa kuti mbale zatha.

Tiyamike, bwera Loweruka ndi miyezo ya atsikana ako, ndidzasoka. Koma udzaime pamaso panga n'kundiuza kuti ndani wa ku sinki, ndani wa ku moto, ndipo tsiku limene ndidzamve kuti wakuwira mwana wa eni kuti fulumira, vala choncho, ndidzabwera ndekha ku Naperi kudzakuchititsa manyazi pamaso pa makasitomala ako. Ndipo wotsuka mbale amene unati ukufuna uja, usafunenso. Ali kuseri kwa msika wa Limbe, dzina lake ndi Malita. Ukapita usakamupatse moni ngati bwana. Sutikesi yako ija inapita ku sekondale pa khungu lake.